KUVEKA NGWAZI YA M'NTHANO: ZIMENE NDIDAPHUNZIRA KU BANDAWE

Mau oyamba

Anzanga, ambiri mwa ife tikapatsidwa pensulo ndi pepala n'kuuzidwa kuti tijambule ngwazi yolimba mtima, dzanja limathamangira kumodzi: munthu wamtali wovala chitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, lupanga lili m'manja, kavalo ali pambali. Inenso ndidachita chimodzimodzi pamene a kalabu ya zisudzo adandipatsa ntchito yokonza maonekedwe a anthu a m'sewero lathu la kumapeto kwa chaka. Sewerolo lidali nthano yopeka tokha, ya mnyamata wa m'mbali mwa nyanja amene alimbana ndi mdani woletsa asodzi kulowa m'madzi. Dzina tidali tisanamupatse. Tinkangomutchula kuti Msodzi.

Pa tchuthi ndidatenga zojambula zangazo kupita nazo kwathu ku Bandawe, ndili wonyada kwabasi. Ndidapeza agogo aamuna akusoka chilimira pansi pa mtengo wa mango. Adapukuta manja, nalandira pepala, naliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adandifunsa m'Chitonga kuti, "Kodi mdzukulu wanga, munthu wakoyu akagwa m'bwato, amuvuula ndani?" Ndisanayankhe adaonjeza kuti, "Nanga mu Okutobala, mchenga ukamaotcha mapazi, iyeyu m'chitini chakechi sapsa ngati mbatata ya m'phulusa?" Anyamata amene ankawathandiza adaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndidapinda pepala langa mwamanyazi, koma mau a akulu akoma akagonera. Kuchokera tsiku limenelo ndidayamba kufunsa ndi kuwerenga, ndipo ndidapeza mafunso asanu amene wolemba nthano, wojambula kapena wokonza sewero ayenera kuyankha asanaveke ngwazi yake.

Funso loyamba: amakhala kuti, ndipo amagwira ntchito yanji?

Zovala zachitsulo zimene timaona m'mabuku zidafika pachimake ku Ulaya m'zaka za m'ma 1400. Zonse pamodzi zinkalemera makilogalamu pakati pa 20 ndi 25, ndipo m'kati mwake munthu ankavalanso malaya ochindikala kuti chitsulo chisamusupule khungu. Zidali zoyenera kumeneko chifukwa dziko n'lozizira, ankhondo olemera ankamenya nkhondo ali pa akavalo, ndiponso kudali mizinda ya amisiri osula amene ntchito yao idali yomweyo.

Tsono tiyeni tibwere kwathu. M'madera ambiri a dziko lino akavalo sankakhalitsa chifukwa cha kashembe. Chitsulo chidalipo, koma chinkapezeka ndi thukuta: kukumba miyala yake, kutentha makala, kumanga ng'anjo ndi kupemerera moto usiku wonse. Aphoka a kumapiri a kufupi ndi Livingstonia adatchuka chifukwa cha luso limeneli, ndipo makasu ao ankayenda mtunda wautali pa malonda. Khasu lidali chuma, moti linkalowa ngakhale pa nkhani za ukwati. Motero munthu wovala makilogalamu 25 a chitsulo akadakhala atavala makasu a mudzi wonse. Kodi ndi mfumu iti ikadalola kuti anthu ake agone ndi njala chifukwa mnyamata mmodzi akufuna kunyezimira?

Choncho musanajambule chovala, yambani mwajambula thupi, pakuti ntchito imalemba chizindikiro chake pa munthu. Ndidakhala m'mawa ungapo pa doko kuyang'ana asodzi akubwera ku usipa. Wopalasa bwato amakhala wa mapewa otambalala ndi msana wolimba, miyendo yake siikula kwenikweni, zikhatho zake n'zokhakhala chifukwa cha nkhafi ndi zingwe, ndipo maso ake amakhala otsinzinira pang'ono pozolowera kunyezimira kwa madzi. Msodzi wanga watsopano adatuluka wamfupi, wa chifuwa chachikulu, woleredwa ndi kondowole, ndipo agogo atamuona adati, "Uyu ndiye ndingamubwereke bwato."

Funso lachiwiri: zipangizo zake azipeza kuti?

Nthano yopeka imaloledwa kukhala ndi zodabwitsa, koma omvera amakhulupirira chodabwitsa chimodzi ngati zinthu zina zonse zozungulira zili zoona. Anthu a mitundu yonse adadziteteza ndi zimene dziko lao lidawapatsa. Pa zilumba za Kiribati, m'nyanja yamchere ya Pacific, kumene kudalibe chitsulo, ankhondo ankaluka malaya olimba ndi luzi la kokonati, ndipo chisoti ankapanga ndi chikopa cha nsomba yaminga imene imafufuma. Ku Bornu ndi ku maiko a Ahausa, ku Nigeria ya lero, okwera pa akavalo ankavala malaya a nsalu yosokerera thonje m'kati, navekanso akavalo ao. Ku British Museum mumzinda wa London kuli chovala cha chikopa cha ng'ona chochokera ku Egypt, cha m'zaka za m'ma 200, nthawi ya ulamuliro wa Aroma.

Nanga kwathu kudali chiyani? Kudali chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo limene ankalisenda, kulinyika ndi kulisula ndi kamtengo mpaka litafewa. Kudali zikopa, bango, nsungwi, mlaza ndi luzi. Ndidaveka Msodzi chiwondo chachifupi chomanga m'chiuno, chosakola m'miyendo posambira. Pachifuwa ndidamuika kachovala ka bango long'alula, lolukidwa mothithikana ngati mphasa. Bango silingaletse mkondo wobayidwa mwamphamvu, koma limachepetsa zokanda ndi zomenya, ndipo chachikulu n'chakuti limayandama. Funso la agogo lija lidayankhidwa pamenepo.

Kalukidwe kake ndidatengera ngaka, kanyama kamamba kaja kamene kamadzipinda kakaona mdani. Mamba ake amasanjikizana ngati udzu wofolera denga, lam'mwamba kuphimba lam'munsi, kotero kanyamako kamatha kupindika popanda kusiya mpata. Tiphunzire kasanjidweko ndi maso okha. Ngaka ndi nyama yotetezedwa ndi malamulo, ndipo wopezeka nayo kapena ndi mamba ake amakalowa m'ndende.

Funso lachitatu: mbiri yake ikuoneka pati?

Pa sewero palibe nthawi yofotokoza moyo wonse wa munthu. Chovala chiyenera kulankhula iye asanatsegule pakamwa. Apa m'pamene mbiri ya dera lathu idandithandiza.

Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana adadetsa dzuwa. Mfumuyo itamwalira ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, gulu lidagawikana, ndipo gawo la M'mbelwa lidadzakhazikika kumtunda kwa chigawo cha kumpoto m'zaka za m'ma 1850. Msilikali wa Chingoni ankanyamula chishango chachitali cha chikopa cha ng'ombe chokhala ndi ndodo kumbuyo, mkondo waufupi wobayira pafupi, nthungo zoponya ndi chibonga. Kumutu ankavala nthenga, m'chiuno zikopa. Zonsezi n'zopepuka, zoyenera munthu woyenda mtunda wautali pansi ndi kuthamangira mdani. Zovala zoterezi timaziona mpaka lero pa gule wa ingoma ndiponso pa mwambo wa Umthetho umene umachitikira pa phiri la Hora ku Mzimba.

Angoni adagwira Atonga ambiri, makamaka ana ndi achinyamata, nawalera pakati pao, kuwaboola makutu monga mwa mwambo wao ndi kuwaphunzitsa nkhondo. M'zaka za m'ma 1870 ambiri mwa ogwidwawo adathawa kubwerera kunyanja, nakalowa m'malinga a mafumu monga Mankhambira ku Chintheche. Ankhondo amene adawalondola adagonjetsedwa pa mtsinje wa Chintheche. Ngakhale zidatero, mantha sadathe msanga. Pamene Dr Robert Laws adasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe mu 1881, adapeza anthu akukhala mothithikana m'mbali mwa nyanja poopa nkhondo. Likulu la mishoniyo lidasamukiranso ku Khondowe mu 1894, koma manda a amishoni oyambawo akadalipo pa Bandawe yakale.

Nditamva zimenezi ndidatenga pensulo n'kuboola makutu a Msodzi wanga, ndipo m'bwato mwake ndidaikamo chishango chakale cha chikopa cha ng'ombe. Tsopano aliyense wodziwa mbiri akangomuona amazindikira kuti uyu ndi mwana wa kunyanja amene adakulira kumapiri, wabwerera kwao, ndipo mwina abale ake omwe sakumukhulupirira. Tizinthu tiwiri tokha tanena zimene zikadatenga masamba atatu.

Wina angafunse kuti, kodi ndiye kuti kubwereka za kunja n'koletsedwa? Iyayi. Taonani malipenga, gule amene ife a ku Nkhata Bay timanyadira. Adachokera ku perete wa asilikali amene makolo athu adaona pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Yunifolomu yoyera, masokosi aatali ndi maudindo a ovina n'zobwereka, koma zikho zoimbira, ng'oma, nyimbo ndi kanyang'wa kake n'zathu. Chobwereka chimakoma chikakhala ndi chifukwa chopezekera pamalopo. Chitsulo cha m'chithunzi changa choyamba chidalibe chifukwa china koma chakuti ndidachiona m'buku.

Funso lachinayi: mdani wake ndani?

Apa ndiulule kulakwa kwanga, pakuti kukadapasula ubale. Titatsegulira sukulu ndidaonetsa anzanga chithunzi cha mdani wa Msodzi. Ndidali nditamuveka nthenga, zikopa ndi chishango, n'kumuonjezera mano otuluka ngati a fisi ndi maso ofiira. Mnzanga wina wa ku Mzimba, amene timakhala naye tebulo limodzi ku chakudya ndipo ndiye adayenera kusewera mbali imeneyi, adaliyang'ana pepala, nalibweza mwaulemu. Adati, "Achimwene, zovala izi n'zimene amavala agogo anga povina ingoma. Mukufuna kuti ine ndiime pamaso pa makolo athu kuonetsa kuti agogo anga ndi chilombo?" Adatuluka m'kalabu, ndipo padapita masiku tisakulankhulana bwino.

Poyamba ndidadziteteza kuti ndangotsata mbiri. Koma nditaganiza ndidaona kuti mbiri siinena za mano a fisi; amenewo ndidaika ndine. Nkhondo zija zidachitikadi, ndipo tiyenera kuziphunzira mosabisa, koma adzukulu a mbali zonse ziwiri lero adakwatirana, amaphunzira limodzi ndi kulira maliro limodzi. Chovala cha mtundu wa anthu amoyo chikavekedwa chilombo, oonera amatuluka m'holo atanyamula chithunzicho m'mutu. Chimodzimodzi ndi zigoba za gule wamkulu: zili ndi eni ake ndi matanthauzo ake. Wofuna kuzimvetsa apite ku Mua, ku Kungoni kumene kudayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, akaone mazana a zigoba ndi kumva chimene chilichonse chimaphunzitsa. Kungotola chigoba kuti chiopseze ana pa sewero ndi kunyoza eni ake.

Tsono chilombo tichitenge kuti? Makolo athu ankachitenga ku zinthu zimene zinkawaopsa pamalo pao. Anthu a ku Zomba ndi ku Phalombe ali ndi Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene amati chikamasamuka chimagumula miyala ndi kukokolola midzi, monga zidachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Mlembi Steve Chimombo adamutenga Napolo yemweyo namusandutsa mutu wa ndakatulo zake. Ife a kunyanja tili ndi chathu. Ndani wa ku Chintheche amene sadaonepo nkhungu zikutuluka pakati pa nyanja ngati utsi wa moto wolusa? Ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono. Mphutsi zake zimakhala m'madzi akuya, ndipo zikakhwima zimakwera pamwamba n'kuuluka zonse pamodzi. Asodzi amaziopa zikawakuta ali m'bwato, chifukwa zimalowa m'maso, m'mphuno ndi m'kamwa. Nyanja yathu pena imazama mamita pafupifupi 700. Malo obisalamo chilombo ndiye alipo okwanira.

Ndidapita kwa mnzanga uja kukapepesa, ndipo tidakhala pansi awiri kujambula Chinkhungu, chilombo chopanda nkhope ndi mafupa, chimene mkondo umangopyola. Mutu umodzi susenza denga: nzeru yaikulu ya sewero lonse idachokera kwa iye, monga muone m'munsimu.

Funso lachisanu: pofooka pake ndi pati?

Ngwazi imene singavulale siipatsa chidwi, chifukwa oonera amadziwiratu mathero. N'chifukwa chake nthano zazikulu zimasiya kampata. Agiriki ankasimba za Achilles amene ankalasika pa chidendene pokha. Ku Mali, m'nkhani ya Sundiata, mfumu yamatsenga Sumanguru sinkalasika ndi chitsulo, koma idagonja ndi muvi wokhala ndi chala chakumbuyo cha tambala woyera. J.R.R. Tolkien, amene adabadwira ku Bloemfontein mu 1892, adalemba m'buku lake la The Hobbit la mu 1937 za chinjoka Smaug chimene mimba yake idakutidwa ndi miyala yamtengo wapatali, kupatula kamalo kamodzi pachifuwa, ndipo muvi udalowera pomwepo. Mlembi yemweyo adapatsa ngwazi zake zazing'ono, Bilbo kenaka Frodo, malaya opepuka a mithril. Frodo ankawavala m'kati mwa zovala wamba, kotero adani ankamuyesa wopanda chitetezo. Taonani kuti chovalacho chikugwirizana ndi khalidwe la mwini wake: wamng'ono, wosadzionetsera, koma wolimba m'kati.

Chinanso, ngwazi ikhale ndi chinthu chimodzi chimene anthu adzaikumbukira nacho. Mwindo, ngwazi ya Anyanga a ku Congo, amadziwika ndi litchowa limene adabadwa nalo. Mukapachika zida khumi pa munthu mmodzi, oonera sakumbukira ngakhale chimodzi.

Msodzi wathu tidamupatsa muuni, ngati umene makolo ankakopera usipa nyali zisanabwere, pakuti nkhungu nazonso zimatsata kuwala. Ntchito yake idali kukopa Chinkhungu kuchoka pakati pa nyanja kufika nacho kumtunda. Vuto lidali mphepo, imene ikadazimitsa motowo. Mnzanga wa ku Mzimba ndiye adati, "Chishango chija chikungogona m'bwato. Chikopa chikanyowa chimalemera ndi kufewa, pa nkhondo ya m'madzi chilibe ntchito. Bwanji atchingire nacho moto?" Pamenepo zonse zidalumikizana. Dzanja lamanja lagwira muuni, lamanzere lagwira chishango kutchinga mphepo, ndipo nkhope ya Msodzi yatsala pamtunda, chilombo chikumulowa m'maso ndi m'mphuno. Kuti apulumutse mudzi ayenera kusankha kuteteza moto m'malo modziteteza yekha. Ndiponso popeza manja onse ali otanganidwa, sangapalase. Afunika mnzake pa nkhafi. Mbali imeneyo adasewera mnzanga uja, atavala nthenga ndi zikopa mwaulemu wake, ngati bwenzi limene Msodzi adakula nalo kumapiri.

Mathero ake tidatengera zimene amai a kunyanja amachita. Nkhungu zikafika kumtunda amazikola ndi malichero ndi madengu, n'kuziumba timitanda todyera nsima. David Livingstone adalawa chakudya chimenechi poyendera nyanja mu 1861. M'sewero lathu amai a m'mudzi ndiwo adamaliza nkhondo, ndipo chilombo choopsa chija chidathera mu mphika. Holo yonse idafa ndi phwete.

Kapangidwe ka zovala za sewero

Sitidagule kanthu kupatula ulusi ndi guluu. Chiwondo tidachiyerekeza ndi masaka akale amene tidanyika m'madzi a dothi lofiira. Chishango tidadula pa katoni yochindikala, kuimata magawo awiri, kumangirira nsungwi kumbuyo ndi kupaka mawanga akuda ndi oyera ndi makala ndi laimu. Nthenga zidachokera ku khola la nkhuku. Makutu oboola tidawaonetsa ndi tizidutswa ta bango tomata, ndipo muuni udali tochi yokulunga m'pepala lofiira, pakuti moto weniweni m'holo ndi ngozi. Chinkhungu chidali anyamata asanu ndi mmodzi pansi pa maukonde akale a udzudzu opaka phulusa.

Malangizo atatu ndi awa. Choyamba, dulani chithunzi cha munthu wanu, muchidetse chonse ndi makala, n'kuchionetsa mnzanu ali patali. Ngati sakumuzindikira ndi mthunzi wokha, wokhala kumbuyo kwa holo sadzamuzindikiranso. Chachiwiri, mitundu isapitirire itatu pa munthu mmodzi. Chachitatu, wosewera avale zovalazo masiku angapo sewero lisanachitike, athamange nazo, akhale pansi, agwade ndi kukweza manja. Kachovala kathu ka bango koyamba kadang'ambika pa mayeso otere, ndipo tidaphunzira kusiya mpata m'khwapa.

Mau omaliza

Nditabwereranso ku Bandawe ndidawasimbira agogo zonse. Adamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa chinthu chimodzi chokha: ngati mnzanga wa ku Mzimba uja amadziwadi kupalasa. Nditavomera kuti sadakwerepo bwato chibadwire, adati ndidzabwere naye pa tchuthi chotsatira kuti adzamuphunzitse, iyenso adzawaonetse kagwiridwe ka chishango.

Zoti muchite

1. Sankhani nthano imodzi ya kwanu. Lembani malo, nyengo ndi ntchito ya ngwazi yake musanajambule kanthu.

2. Funsani munthu wachikulire zimene anthu a dera lanu ankavala ndi kunyamula nsalu za m'sitolo zisanafike. Lembani maina ake m'chinenero cha kwanuko.

3. Jambulani ngwaziyo ndi chida chimodzi chokha, ndipo fotokozani m'ziganizo zitatu pofooka pake.

4. Onetsani chithunzi cha mdani wake kwa mnzanu wa mtundu wina, mumufunse ngati akuonamo agogo ake.